Spinal ikamavuta: zoyang'ana musanatenge sirinji yachiwiri

Mavuto a spinal, jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi pa opaleshoni, ndi omwewomwewo chaka ndi chaka. Lero sanagwire, mawa BP yagwa, mkuja mayi akudandaula kuti mpweya ukumuthera, ku wodi ululu wavuta, kenako mutu. Chimene chimakulitsa ngozi nthawi zambiri ndi chimene dzanja lathu limathamangira vutolo likangobwera: kubwereza spinal, kuwonjezera ketamine, kutsirapo diazepam kuti wodwala akhale phee. Paja kuthamanga sikufika. Pafupifupi vuto lililonse m'munsimu lili ndi chinthu choti muyambe mwachiona ndi maso kapena kuchigwira ndi dzanja musanawonjezere mankhwala.

Izi ndi za ogonetsa odwala, anamwino a mu fiyeta ndi a ku wodi, komanso ophunzira. Zitsanzo zambiri ndi za opaleshoni yotulutsa mwana. Milingo ya mankhwala ndi ya munthu wamkulu, ndipo ikasiyana ndi ndondomeko ya chipatala chanu, tsatirani ya chipatalayo.

Singano isanalowe pamsana, izi zikhale zilipo kale:

- diripi yoyenda bwino pa kanula ya 16G kapena 18G
- oximeter (kachipangizo koyezera okosijeni m'magazi) ili pachala ndipo ikulira momveka
- mankhwala okweza BP ali kale mu sirinji yolembedwa dzina ndi mlingo
- okosijeni, makina oyamwa masanzi, masiki ndi chikwama chopumitsira, laryngoscope (chounikira pakhosi) yoyaka, chubu cha pakhosi ndi mankhwala ogonetsa

Ngati chimodzi mwa izi palibe, spinal isayambike. Amene sangathe kugonetsa wodwala ndi kumupumitsa sakuyenera kubaya pamsana ali yekha.

## Spinal sinagwire, kapena yagwira mwatheka

Yambani mwatsimikiza kuti yakanikadi. Heavy bupivacaine wa 0.5%, mankhwala amene timabaya pa spinal, pa mlingo wa 2 mpaka 2.5 ml, amalemeretsa miyendo m'mphindi 5 zoyambirira, ndipo pofika mphindi 10 kapena 15 mayi sangathe kudzutsa mwendo uli chiwongokere. Pa opaleshoni yotulutsa mwana, kuzizira kusamamveke mpaka pa mzere wa mabere, pa T4, mbali zonse ziwiri. Dzanzi lolekezera pa mchombo, pa T10, silokwanira.

Kafunsidwe kake kamasocheretsa ambiri. Mukati “simukumva kupweteka eti?” mayi wamantha, amene wazunguliridwa ndi anthu ovala mamasiki, amangovomera. Muyikeni thonje lozizira paphewa, kenako yambirani pantchafu kukwera pang'onopang'ono, mukumuuza kuti: “Mayi, mundiuze pamene muyambe kumva kuzizira ngati paphewa paja.” Dokotala wa opaleshoni atsine khungu ndi chopanira asanacheke, inu mukuyang'ana nkhope ya mayiyo.

Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

1. Mankhwala sanafike onse m'malo mwake. Singano imasuntha polumikiza sirinji, kapena mankhwala amadontha polumikizirapo. Pa 2 ml, madontho ochepa ogwera pansalu ndi gawo lalikulu la mlingo wonse. Dzifunseni: madzi a mumsana anatuluka momasuka? Munakoka n'kuwaona musanabaye? Dzanja logwira singano linatsamira pamsana wa wodwala?
2. Nthawi sinakwane. Wa mpeni akamafulumiza, mphindi 4 zimaoneka ngati 10. Yang'anani wotchi.
3. Kagonekedwe. Heavy bupivacaine ali ndi shuga, choncho amatsikira kumene kwatsetsereka. Mayi akakhalitsa tsonga, dzanzi limathera m'matako ndi m'miyendo. M'mphindi 10 kapena 15 zoyambirira mungathe kukonza: pindani mawondo ndi chiuno, tsitsani pang'ono kumutu kwa bedi koma pilo ali pansi pa mutu ndi mapewa. Ngati mbali imodzi yatsalira, mupendeketsereni mbali imeneyo.
4. Opaleshoni yatalika. Pakatha ola limodzi ndi theka kapena maola awiri, dzanzi limayamba kutsika.
5. Mu sirinji munali mankhwala ena. Kabotolo kamene mwatsegula musakataye mpaka opaleshoni itatha. Kawerengeninso.
6. Mankhwala anaonongeka. Ichi ndiye aliyense amayamba kutchula chifukwa sichiloza munthu chala, koma sichichitikachitika. Mukachikayikira pamene ogonetsa angapo alephera ndi mabotolo a nambala imodzi, kanenani kosungira mankhwala.

Ngati patha mphindi 15 mpaka 20 popanda dzanzi ngakhale pang'ono, spinal ingabwerezedwe, koma wamkulu wanu adziwe. Ngati dzanzi lilipo koma ndi lochepa, musabwereze mlingo wonse: mankhwala oyamba aja ali momwemo, ndipo awiriwo akakumana amakwera mpaka m'khosi.

Opaleshoni ikakhala kuti yayamba kale ndipo mayi akuti akumva kuwawa, mukhulupirireni, ndipo dokotala ayambe waima. Ketamine wa 10 mpaka 20 mg kapena fentanyl wa 25 mpaka 50 mcg angathandize pa ululu wochepa. Zikakanika, mugonetseni mokwanira ndi chubu pakhosi. Choopsa kwambiri ndi kusanjikiza ketamine, diazepam ndi pethidine pang'onopang'ono mpaka mayi wa mimba yodzaza wagona tulo tofa nato, pakhosi popanda chomuteteza ku masanzi. Dokotala akafuna kubaya lidocaine pabala, muwerengereni: 3 mg pa kilogalamu, kapena 7 mg ngati ali ndi adrenaline. Lidocaine wa 1% ali ndi 10 mg pa ml, ndiye kuti mayi wa makilogalamu 60 asapitirire 18 ml ya wopanda adrenaline.

Imani, itanani thandizo lonse limene lilipo ngati dzanzi palibe koma wodwala wayamba kumva ululu woopsa kumsana, m'matako ndi m'miyendo, miyendo ikudumphadumpha yokha, kenako n'kuyamba kugwedezeka ngati wakhunyu. Ganizirani kuti mwina pamsana palowa tranexamic acid, mankhwala oletsa kutaya magazi. Kabotolo kake kamafanana kukula ndi maonekedwe ndi ka bupivacaine, ndipo mu 2022 bungwe la WHO linachenjeza za ngozi yomubaya pamsana mwangozi. Ngoziyi imapha kawirikawiri. Mankhwala osukulutsa palibe; letsani kugwedezekako, tetezani kupuma, yang'anirani kagundidwe ka mtima, wodwala apite kuchipinda cha odwala mwakayakaya. Tranexamic acid asamasungidwe m'kabati imodzi ndi mankhwala a spinal.

## BP yatsika

Chizindikiro choyamba nthawi zambiri si nambala ya pa makina. Mayi amati “ndikumva nseru”, amayasamula, kapena amangosiya kuyankhula. Mukamva zimenezo perekani mankhwala okweza BP uku makina akuyeza. Musathamangire oletsa kusanza. Yezani BP mphindi iliyonse kapena ziwiri mpaka mwana atatuluka, ndipo cholinga chikhale choti nambala yapamwamba isatsike kupitirira gawo limodzi mwa magawo 10 a pamene inali poyamba.

1. Spinal yeniyeniyo. Imamasula mitsempha ya magazi. Izi zimachitika m'mphindi 5 mpaka 20 zoyambirira. Tsegulani diripi, perekani phenylephrine 50 mpaka 100 mcg ngati mtima ukuthamanga, kapena ephedrine 3 mpaka 6 mg ngati ukugunda pang'onopang'ono. Madzi a diripi okha sakwanira. Dziwaninso kuti mabotolo a ephedrine ena ndi a 30 mg, ena 50 mg, werengani musanasungunule.
2. Chiberekero chikupsinja mitsempha ikuluikulu ya magazi. Pendeketsani bedi kumanzere madigiri 15, kapena wina akankhire mimba kumanzere ndi manja. Bedi limene tikuliyesa lopendekeka nthawi zambiri silinafike pamenepo.
3. Kutaya magazi. BP ikatsika mwana atatuluka kale, kapena patapita mphindi 30 chibayireni spinal, muziyesa kuti ndi magazi mpaka mutaona ndi maso anu kuti ayi. Botolo la makina oyamwa lingaoneke bwino pamene magazi akudzaza pansi pa nsalu, pakati pa miyendo. Vundukulani muone. Funsani mokweza ngati chiberekero chalimba. Mtima ukamagunda kuposa nambala yapamwamba ya BP, zinthu sizili bwino.
4. Oxytocin, mankhwala olimbitsa chiberekero, wobayidwa mwaphuma. Amagwetsa BP ndi kuthamangitsa mtima. Aperekedwe pang'onopang'ono.
5. Dzanzi lakwera kwambiri. Onani gawo lotsatira.
6. Thupi ladana ndi mankhwala, makamaka maantibayotiki: zidzolo, kutupa kwa nkhope, kulira kwa m'chifuwa. Apa mankhwala ndi adrenaline.

Mtima ukatsika pansi pa 50 pa mphindi uku BP ikugwa, perekani atropine 0.5 kapena 0.6 mg osadikira. Ngati ephedrine kapena phenylephrine sakuthandiza pambuyo pa milingo iwiri kapena itatu, pitani ku adrenaline wosungunula: 1 mg mu 100 ml amapereka 10 mcg pa ml, muzipereka 1 ml nthawi imodzi.

Itanani wamkulu mukafika pa adrenaline, magazi akamapitirira kutuluka, kapena wodwala akayamba kusokonezeka. Mtima ukaima mwana ali m'mimba, yambani kupsinja pachifuwa wina atakankhira mimba kumanzere, ndipo mwana atulutsidwe m'mphindi 5. Kutero n'kupulumutsa mayi yemweyo.

## “Ndikubanika, sindikutha kupuma”

Pali mayeso awiri osafuna chipangizo. Muuzeni akufinyeni dzanja, ndipo muuzeni atchule dzina lake mokweza.

1. Sakumva chifuwa chake chikuyenda. Ichi ndiye chofala. Akufinya mwamphamvu, mawu akutuluka bwino, oximeter ili bwino. Mufotokozereni, mupatseni okosijeni, khalani pambali pake, ndipo bwerezani mayesowo pakapita mphindi ziwiri.
2. BP yatsika moti magazi sakufika mokwanira ku ubongo. Mukaikweza, kubanikako kumatha.
3. Spinal yakwera kwambiri. Zala zimachita dzanzi kuyambira kachala kakang'ono, kufinya kumafooka, mawu amasanduka manong'onong'o, sangathe kutsokomola, mtima umatsika. Zimathamanga: mphindi zochepa chabe kupuma kungaime.
4. Mankhwala ogonetsa amene mwapereka kale.
5. Vuto la m'mapapo: madzi m'mapapo kwa mayi wa pre-eclampsia (matenda a BP yokwera obwera ndi mimba), masanzi olowa m'mapapo, mphumu. Mvetserani chifuwa.

Spinal ikakwera, itanani thandizo, perekani okosijeni wambiri, kwezani BP, perekani atropine. Kupuma kukafooka mupumitseni ndi masiki ndi chikwama, kenako ikani chubu. Kumbukirani kuti mayiyu angakhale ali maso ngakhale sakusuntha: muyankhuleni, ndipo mupatseni mankhwala ogonetsa ochepa BP ikalola. Akapumitsidwa bwino ndipo BP ikasungidwa, mankhwalawo amatha okha ndipo amachira.

Musadalire oximeter yokha, chifukwa munthu amene ali pa okosijeni nambala yake imachedwa kutsika. Ndipo wodwala wosakhazikika, amene akuponya manja uku ndi uku, asapatsidwe diazepam musanayeze BP ndi okosijeni.

## Kunjenjemera

N'kofala ndipo nthawi zambiri sikoopsa. Mufunditseni, tenthetsani madzi a diripi. Kumasokoneza makina a BP ndi oximeter, choncho gwirani mtsempha ndi chala. Ngati thupi latentha kapena akulandira magazi, imitsani magaziwo ndipo ganizirani matenda a m'magazi.

## Ku wodi: ululu sukutha

Funsani nambala ya ululu kuyambira 0 mpaka 10 kawiri: atagona chete, komanso akamatembenuka kapena kutsokomola. Wodwala amene akungogona nganganga osasuntha sikuti alibe ululu.

1. Mankhwala anayamba mochedwa. Dzanzi likatha, ululu umabwera nthawi imodzi. Paracetamol 1 g maola 6 aliwonse ayambe dzanzi lisanathe, ndipo aziperekedwa pa nthawi yake, osadikira kuti wodwala apemphe. Asapitirire 4 g pa tsiku. Kwa munthu wosakwana makilogalamu 50 mlingo ndi 15 mg pa kilogalamu.
2. Analembedwa koma sanalowe m'thupi. Kanula yatuluka mumtsempha, wodwala anasanza, kapena mlingo unadumphidwa posinthana ntchito.
3. Mankhwala ndi amtundu umodzi. Onjezani ibuprofen kapena diclofenac ngati palibe kutaya magazi, vuto la impso, zilonda za m'mimba, pre-eclampsia yoopsa kapena mphumu imene imadzuka ndi mankhwalawa. Pa ululu waukulu perekani morphine. Mantha oti wodwala azolowera morphine chifukwa cha masiku awiri a pambuyo pa opaleshoni azunzitsa anthu ambiri pachabe. Pethidine sakhalitsa, ndipo akabwerezedwabwerezedwa zotsalira zake m'thupi zingayambitse kugwedezeka. Codeine asaperekedwe kwa mayi woyamwitsa.
4. Chikhodzodzo chadzaza. Onani ngati paipi ya mkodzo sinapindike.
5. Vuto la opaleshoni: magazi akutayikira m'kati, bala layamba mafinya, kapena mwendo ukutupa m'kati mwa pulasitala.
6. Mankhwala akusowa panjira. Nkhani iyi sitikonda kuikamba. Ngati mabuku akuonetsa kuti pethidine, fentanyl kapena morphine anaperekedwa, koma odwala amalirabe nthawi zonse pa shifiti imodzimodziyo, n'kutheka kuti mnzathu wina wagwa m'chizolowezi cha mankhwalawo. Ndi matenda amene amapha ogwira ntchito ya mu fiyeta. Musamufunse muli nokha, komanso musabise, uzani oyang'anira. Kuwerenga mankhwalawa ndi kutaya otsala zizichitika pali anthu awiri.

Itanani dokotala wa opaleshoni ngati ululu ukukula m'malo mochepa, mimba ikufufuma, mtima ukuthamanga, kapena ululu wa mwendo ukuchuluka mukamawongola zala zake. Musaphimbe zimenezi ndi morphine wina.

Mbali inayo ndi wodwala amene wagona mopitirira. Kuvuta kudzutsa kumayamba kupuma kusanatsike, choncho musamusiye poti “akupumula”. Akamapuma kosakwana ka 10 pa mphindi, mboni za m'maso zitachepa, mudzutseni, perekani okosijeni, itanani wogonetsa. Sungunulani naloxone (mankhwala osukulutsa morphine ndi anzake) wa 0.4 mg kufika 10 ml, muzipereka 1 kapena 2 ml pa mphindi ziwiri zilizonse. Naloxone amatha msanga kuposa morphine. Wodwala angagonenso pakatha ola.

## Miyendo sikubwerera

Pakatha maola 4 chibayireni spinal, wodwala azitha kudzutsa mwendo uli chiwongokere. Akalephera, wogonetsa abwere adzamuone. Nthawi zambiri ndi mankhwala amene angochedwa kutha, ndipo mumaona kusintha ola ndi ola. Koma ngati kufooka kukukula, kwabwereranso kutatha, kapena kukubwera ndi ululu wa msana ndi kulephera kugwira mkodzo kapena chimbudzi, mwina magazi aundana n'kupsinja mtsempha wa msana. Pamafunika kujambula msana ndi makina a MRI komanso opaleshoni m'maola ochepa, choncho kutumiza wodwalayo kusadikire kuti kuche.

## Mutu patapita tsiku limodzi mpaka masiku atatu

Vutoli ndi lakale ngati spinal yeniyeniyo. Mu 1898 ku Kiel, August Bier ndi womuthandiza wake August Hildebrandt anayeserana jakisoniyu, ndipo onse awiri anadwala mutu woopsa.

1. Kudontha kwa madzi a mumsana pamene singano inaboola. Mutu umakula akadzuka, umachepa akagona; khosi lingalimbe pang'ono, makutu n'kumalira. Perekani paracetamol ndi ibuprofen, amwe madzi mwa nthawi zonse. Kumugoneka masiku ambiri sikutseka bowolo. Ukapitirira kapena ukamulepheretsa kusamalira mwana, wogonetsa waluso angabaye magazi a wodwalayo, pafupifupi 20 ml, pamsana kuti atseke. Popewa, singano za 25G kapena 27G za nsonga ngati pensulo, za Whitacre kapena Sprotte, n'zabwino kuposa za Quincke.
2. Kutopa, kusagona ndi kusowa madzi m'thupi. Mutu wake susintha ndi kudzuka kapena kugona.
3. Pre-eclampsia, imene imatha kubwera mwana atabadwa kale. Yezani BP ndi mkodzo wa mayi aliyense wodandaula mutu.

Itanani dokotala msanga ngati pali kutentha thupi, khosi louma gwa, kusokonezeka, kugwedezeka, kufooka mbali imodzi, kapena mutu umene unkachepa pogona wasiya kuchepa.

## Inuyo ogwira ntchito: mutu, kutopa ndi fungo la gasi

Ngati anthu angapo a mu fiyeta imodzi amaweruka ndi mutu, nseru kapena tulo, musangoti ndi ntchito. Mu 1977 bungwe la NIOSH la ku America linalangiza kuti halothane ndi magasi anzake ogonetsera asapitirire 2 ppm (magawo awiri pa miliyoni) mumpweya wa m'chipinda, ndipo nitrous oxide 25 ppm. Mphuno imayamba kumva fungo mlingo utapitirira kale pamenepo, ndiye fungo likamveka, penapake pakutuluka gasi.

1. Masiki yosagwira bwino kumaso, makamaka pogonetsa ana, kapena kutsegula gasi masiki isanafike pankhope. Tsekani vaporiser, chipangizo chotulutsa gasi wogonetsa, musanachotse masiki kapena kulumula paipi.
2. Paipi yotulutsa gasi panja yalumuka, yapindika kapena kulibe. Itsatireni ndi dzanja mpaka pamene yatulukira.
3. Kutayikira podzaza vaporiser, kapena chotsekera chosamangidwa bwino. Dzazani ntchito itatha, m'chipinda mulibe anthu ambiri.
4. Mapaipi ong'aluka ndi chikwama chobooka. Yesani m'mawa uliwonse: tsekani kotulukira, dzazani mpaka 30 cmH2O, muone ngati mpweya ukukhala.
5. Chipinda chotsitsimukira chosapita mphepo. Odwala amatulutsa gasi popuma, namwino ataweramira pankhope pawo.

Vaporiser yodontha musaimate ndi pulasitala kapena kuimasula nokha. Ichotseni pa ntchito, itanani katswiri wa makina. Amene ali woyembekezera adziwitse oyang'anira kuti aone za malo ake ogwirira ntchito.

## Mwalasidwa ndi singano

Zimachitika kwambiri pobwezera chivundikiro pa singano, popatsirana zida dzanja ndi dzanja, pa singano yosiyidwa m'nsalu za spinal, ndi pa bokosi lotayiramo lodzaza mopitirira. Amene wabaya ndiye ataye singano yake. Kabotolo ka galasi kathyoleni mutakakulunga ndi kansalu, kuti kasakuchekeni chala chimene mukagwire nacho magazi.

Mukalasidwa, wina akulandireni ntchito. Sambani pabalapo ndi sopo ndi madzi oyenda. Musafinye, musayamwe, musathirepo mankhwala ochapira pansi. Magazi akagwera m'maso, tsukani ndi madzi ambiri. Nenani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Pa kulasidwa ndi singano ya munthu wa HIV, mwayi wotenga ndi pafupifupi 3 pa 1,000, ndipo PEP (mankhwala oteteza ku HIV omwa mukangolasidwa) imautsitsa kwambiri ikayambika m'maola oyambirira; malire ndi maola 72, ndipo imamwedwa masiku 28. Musadikire zotsatira za magazi a wodwalayo kuti mumwe mlingo woyamba. Hepatitis B ndiye amapatsirana mosavuta, mpaka 30 pa 100 kwa amene alibe katemera, choncho woona za PEP adziwe ngati munamaliza majakisoni onse atatu a katemerayo. Funsaninso za kuyezetsa hepatitis C, ndipo lembani masiku obwerera kukayezetsa musanachoke m'chipindamo.